Madzi ndi a Tonse, Nanga Njira Yopita Kumadziko?

M'miyezi ya Malichi ndi Epulo 2024 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, msinkhu umene inali isanafikepo kwa zaka zambiri. Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota madzi analowa m'malo ogona alendo, anagwetsa mipanda ya njerwa, ndipo mchenga umene alendo ankaotherapo dzuwa unamira. Eni malowo anatembenukira ku Liwonde ndi pempho limodzi: tsegulani zitseko za Kamuzu Barrage madziwa apite. Bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority linayankha kuti silingatsegule chitsegulire, chifukwa kunsi kwa Liwonde kuli makina amagetsi a Nkula ndi Tedzani, kuli Kapichira kumene damu linali lisanachire bwino chiliphwanyire namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndipo kunsi kwa Kapichira kuli midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene madzi osefukira imawadziwa ndi maliro. Bungweli linakumbutsanso odandaulawo kuti malamulo salola kumanga pansi pa mzere wa mamita 477.

Chikumbutso chimenechi chinaika poyera funso limene asodzi akhala akufunsa kwa zaka zambiri popanda wowayankha. Kodi malo a munthu amene wagula puloti m'mbali mwa nyanja amathera pati? Ndipo munthu wa m'mudzi wa kuseri kwa mpandawo akafuna kufika kumadzi, adzere kuti?

Kuti mkanganowu umveke, tiyambe ndi ntchito imene gombe limagwira. Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amaliona ngati malo opumirako kumapeto kwa sabata. Msodzi amagwirirapo ntchito. Khoka la pagombe limafuna mchenga wautali wopanda chopinga, chifukwa anthu amakoka zingwe ziwiri atatalikirana kenako n'kumayandikizana mpaka thumba la khokalo litafika kumtunda. Usipa wogwidwa usiku ndi chilimira umafika m'mawa, ndipo ukapanda kuyanikidwa msanga pa thandala umawonongeka, choncho mathandala ayenera kukhala pafupi ndi pokocheza. Pomwepo pamafika amayi ogula nsomba ndi mabeseni awo, osoka maukonde, okonza mainjini, ophika tiyi ndi mandasi. Chapatali pang'ono ena akuchapa, ena akutsuka mbale, ana akusamba. Kuwonjezera apo pali mwera. Mphepo imeneyi ikauka m'miyezi yozizira, munthu wa bwato sasankha doko, amathawira pamtunda pamene pali pafupi. Mpanda umene watsika mpaka kulowa m'madzi, wokhala ndi agalu ndi mlonda kuseri kwake, umadula zonsezi nthawi imodzi. Asodzi enieni m'dziko muno amaposa 60,000, ndipo amene amadyera m'nsomba popanda kupalasa bwato ndi ochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Gombe silinatsekedwe tsiku limodzi, ndipo palibe amene anakhala pansi n'kukonza zolitseka. Lamulo la malo la 1965 linagawa malo patatu: a boma, a munthu payekha, ndi a makolo amene ali m'manja mwa mafumu. Lamulolo linapatsa nduna mphamvu yopereka lizi pa malo a makolo, ndipo lizi ikatha malowo sankabwerera kumudzi, ankasanduka a boma. Munthu wa ndalama ankagwirizana ndi banja limene lili ndi malo pafupi ndi madzi, nyakwawa n'kuvomereza atalandira kangachepe, wopima malo n'kubwera kudzazika miyala ya malire. Ena sanafike n'komwe ku ofesi ya zamalo, anamanga ndi kalata ya mfumu yokha. Banja logulitsalo linagulitsa munda kapena bwalo lake, zimene mwina linali nazo ufulu. Koma pamalo omwewo pankadutsa kanjira ka mudzi wonse kopita kudoko, kamene sikanali ka banjalo, ndipo popeza sikanali ka munthu aliyense, palibe amene anakalemba pa mapu. Puloti imodzi siipweteka, anthu amangolambalala. Ikabwera yachiwiri, yachitatu, yakhumi, zonse zogundana mipanda, mudzi umadzuka uli kuseri kwa khoma. Amene wayendapo msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, kapena wafika ku Senga Bay, waona zikwangwani za makoteji ndi malo ogona alendo zitandandana, nyanja ikungomveka mafunde osaoneka.

Eni mapulotiwo nawonso ali ndi zonena zomveka, ndipo kuwajambula onse ngati akuba n'kusaona bwino. Ambiri anatsata njira imene boma lenilenilo linaika, amalipira msonkho wa malo, analemba ntchito ana a m'midzi yomweyo, ndipo alendo awo amabweretsa ndalama zakunja zimene dziko likulira usana ndi usiku. Amadandaula za kuba, za ogulitsa ziboliboli amene samupatsa mpata mlendo, za fungo la nsomba, makamaka za anthu odzithandiza pamchenga. Dandaulo lomalizali si lachipongwe: kolera amene anabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, kupha anthu oposa 1,700, anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo madoko opanda zimbudzi anali mbali ya vutolo. Komabe zonsezi ndi zifukwa zomangira zimbudzi, zoikira malamulo a pa doko ndi zogwirizana za malo oyanikira nsomba. Palibe chimodzi mwa izo chimene chimapatsa munthu ufulu wotseka njira ya mudzi wonse.

Ku Chembe, kumene alendo amakutcha Cape Maclear, kumaonetsa kuti zinthu ziwirizi zingathe kukhalira limodzi. Malo ogona alendo anamera pakati pa mudzi, ndipo pagombe limodzimodzilo mzungu amawerenga buku pamene mayi akutsuka mapoto pafupi naye. Mikangano iliko, koma yaikulu ndi ya mtundu wina. Paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, inasiya midzi ingapo mkati mwake n'kuletsa usodzi pa mtunda wa mamita 100 kuchoka pa magombe ndi zilumba zake pofuna kuteteza mbuna. Apa wotseka ndi boma, pa chifukwa chimene munthu angachimvetse, koma msodzi wa bwato laling'ono amene sangapite kutali amamva kuwawa komweko.

Malamulo athu si osowa. Lamulo la za madzi la 2013 limaika madzi onse m'manja mwa boma m'malo mwa anthu, ndipo kutunga madzi a pakhomo sikufuna chiphaso. Lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza makomiti a pagombe, aja amatchedwa ma BVC, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993. Ndondomeko ya dziko ya zamalo ya 2002 inanena kuti malo ogwiritsa ntchito anthu onse, monga madambo ndi modyetsera ziweto nthawi ya chilimwe, asamagawidwe kwa munthu mmodzi. Malamulo atsopano a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi mabwalo oweruza milandu ya malo. Vuto ndi lakuti lililonse la malamulowa lili ndi ofesi yake. A zausodzi amayang'ana kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yotseka nyanja. A zamadzi amayang'ana msinkhu wa nyanja ndi ziphaso zopopera. A zamalo amayang'ana mapepala a lizi. Komiti ya pagombe ingathe kulanda ukonde wa udzudzu kwa msodzi mnzawo, koma ilibe mphamvu yogwetsa ngakhale njerwa imodzi ya mpanda umene watseka doko lake. Msodzi akapita kukadandaula, aliyense amamulozera khomo lina.

Maiko ena anakumana ndi funso lomweli. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 1892, pa mlandu wa gombe la mzinda wa Chicago, kuti boma limasunga nthaka ya pansi pa nyanja m'malo mwa anthu ndipo silingaipereke yonse kwa kampani ya njanji. Mu 2005 khoti lalikulu la chigawo cha Michigan, pa mlandu wa Glass ndi Goeckel, linati munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu za kumeneko kunsi kwa mzere umene madzi amafika nthawi zonse akakwera, ngakhale patsogolo pa nyumba ya mwini malo. Chigamulo chimenecho n'chabwino koma chili ndi malire ake: chinalola kuyenda motsata gombe, osati kudutsa pa puloti ya munthu kuti ukafike pagombepo. A ku South Africa anaona mpata umenewu, ndipo lamulo lawo la 2008 la za magombe limalamula makhonsolo kupatula tinjira toti anthu azidzera popita kunyanja. Anansi athu a ku Mozambique, m'lamulo lawo la malo la 1997, anapatula mamita 100 kuchoka pamene mafunde a nyanja yamchere amalekeza ndi mamita 250 mozungulira madamu kuti asakhale a munthu. A ku Tanzania ali ndi mamita 60. Mzere wathu wa mamita 477 umateteza nyumba kuti zisamire, ndipo ukanatsatidwa ukanasiya mchenga wotseguka nyanja ikaphwa. Koma nawonso sunena kanthu za njira yochoka kumudzi kukafika pamchengapo.

Tsopano titsike ndi madziwo, tidutse Liwonde ndi Matope, tifike pa Kapichira. Kuno kulibe nyanja, kulibe makoteji a mabwana a m'tauni. Munthu angaganize kuti nkhaniyi siikhudza anthu a kwa Kasisi, kwa Maseya kapena kwa Lundu. Ikuwakhudza, ndipo mipanda ya kuno ndi yaitali kuposa ya ku Mangochi.

Shire wa kumunsi wakhala msewu, munda ndi nkhokwe ya ndiwo kwa Amang'anja ndi Asena kuyambira kale. David Livingstone atakwera mtsinjewu mu 1859 anaimitsidwa ndi mathithi a Kapichira, ndipo Amakololo amene anabwera naye n'kutsalira kuno anakhala mafumu pogwira madoko a m'mbali mwa mtsinje. Kwa Katunga ndi kumene sitima za nthunzi zinkatsitsira katundu wopita ku Blantyre. Wogwira doko ndiye anali ndi mphamvu, ndipo lero ogwira gombe la Shire ndi ena. Kumadzulo kwa mathithi kuli nkhalango ya Majete, imene inakhazikitsidwa mu 1955 ndipo bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003. Linaizinga ndi mpanda wamagetsi wa makilomita oposa 140, linabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango mu nkhalango imene nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu. Mpandawo uli ndi ubwino umene alimi oyandikana nawo saukana, chifukwa njovu yopanda mpanda imatha munda usiku umodzi, ndipo anthu amaloledwa kulowa pa nthawi yoikika kukamweta udzu wofolerera. Komabe gombe la Shire limene lili mkati mwa mpandawo si malo oti munthu angopita kukaponya mbedza kapena kukamwetsa ng'ombe. Pafupi pomwepo pali damu ndi makina a EGENCO opanga pafupifupi mamegawati 130, malo amene pa zifukwa za chitetezo salowamo aliyense. Kunsi, ku Nchalo, minda ya nzimbe imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 pansi pa SUCOMA, kenako n'kugulidwa ndi Illovo mu 1997, inatenga dera lalikulu la pakati pa msewu ndi mtsinje, pamodzi ndi mapampu ndi ngalande zake.

Aliyense wa atatuwa ali ndi chifukwa cholemera: nyama zakutchire, magetsi, shuga ndi ntchito. Nkhani ya ku nyanja yatiphunzitsa kale kuti vuto silikhala pa mpanda umodzi, limabwera mipanda ikagundana. Ndipo ku Shire kutseka njira kuli ndi mtengo umene ku Mangochi sumveka kwenikweni. Doko lakale la mudzi limakhala pamalo oyera, osaya, pamene ng'ona imaonekera patali. Anthu akalandidwa malo otero amakatunga m'mabango.

Chinanso n'chakuti gombe la Shire siliima malo amodzi. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde pamene anthu amalima madimba a chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo m'chigwa chimene mvula imavuta ngati chino, dimba ndilo limapulumutsa banja. Chaka cha njala anthu amalowa m'dambo kukazula nyika. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasintha njira ya mtsinje wa Ruo n'kusiya Makhanga ali pachilumba, ndipo anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasunthanso magombe. Dimba la chaka chino likhoza kukhala pakati pa mtsinje chaka chamawa, mchenga watsopano n'kutumphuka tsidya lina. Mafumu amadziwa kugawanso malo otere chaka ndi chaka. Pepala la umwini limafuna malire osasuntha. Nayonso nyanja ili ndi khalidwe lomweli, kungoti imachedwa: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo, ndipo mu 1980 inakwera kufika pa mamita 477. Ambiri mwa amene malo awo anamira mu 2024 anamanga pa zaka zimene nyanja inali yotsika, poganiza kuti pamene aipeza ndi pamene imakhala.

Dambo la Elephant Marsh, limene linalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017, ndilo malo a kuno ofanana kwambiri ndi nyanja. Muli asodzi a mphende ndi mlamba, muli madoko, muli makomiti a pagombe. Dambolo likamadziwika kwa alendo okonda mbalame, tsiku lina padzabwera wofuna puloti pafupi ndi doko, ndipo nkhani ya ku Senga Bay idzayambira pamenepo.

Koma chachikulu chimene chikusintha chigwa chonse ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme. Imayambira pa damu la Kapichira, imadutsa kachigawo ka Majete, ndipo ikadzatha idzayenda makilomita oposa 100 kulowera ku Bangula, kuthirira mahekitala 43,370 popanda pampu, madzi akungotsetsereka okha. Ndalama zambiri zachokera ku World Bank ndi African Development Bank. Amisiri anaganizira zinthu zazing'ono zodabwitsa: anaika potsika pakuya m'ngalandemo kuti nsomba zolusa za ku Shire wa kumunsi zisakwere n'kulambalala mathithi, chifukwa mathithiwo ndiwo akhala akuzitchinga kuti zisafike ku nyanja. Ngati nsomba anaiganizira chotero, munthu ndi ng'ombe yake ayenera kuganiziridwa mofanana. Ngalande ya konkire ndi gombe latsopano lopangidwa ndi manja, lodutsa m'midzi imene mijigo yake yambiri imatulutsa madzi amchere. Anthu adzafuna kutungamo, kuchapamo, ana adzafuna kusambamo, ndipo makoma ake otsetsereka sakhululuka. Ilinso ngati mpanda: Chikwawa ndi Nsanje ndi kwawo kwa ng'ombe, ndipo chilimwe chikafika ng'ombezo zimatsika kuchoka kumtunda kupita ku madambo a m'mbali mwa Shire. Milatho ndi momwera ziweto zikatalikirana, kapena minda yothirira ikagundana kuyambira pa ngalande mpaka kumtsinje, woweta adzapezeka pamene msodzi wa ku Mangochi ali lero.

Mwayi umene chigwachi chili nawo, umene magombe a nyanja sanaupeze, ndi wakuti malo akulembedwa tsopano lino. Pansi pa pulogalamu yomweyi mabanja a ku Chikwawa akhala akulembetsa minda yawo motsata lamulo la malo a makolo la 2016 n'kulandira ziphaso, ndipo alimi akuphatikiza minda kukhala makopaletivi. Ntchitoyi imadutsa m'makomiti a malo a m'midzi, amene wapampando wake ndi gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Pa nthawi imeneyi kulemba njira ya ng'ombe, doko ndi potungira madzi ngati malo a anthu onse kumangofuna kujambula mzere pa mapu. Pakapita zaka khumi kudzafuna loya, chipukutamisozi ndi kugwetsa zomangamanga, ndipo tikudziwa mmene boma lathu limazengerezera kugwetsa mpanda wa munthu wodziwika.

Ku magombe a nyanja kumene mipanda inaima kale, njira yosafuna nkhondo ilipo. Lizi iliyonse imatha kapena imasintha manja, ndipo boma likamaikonzanso lingathe kuikamo mfundo yosiya kanjira pakati pa mapuloti ndi kubweza mpanda kumtunda kwa mzere wa 477. Makhonsolo a Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay angathe kulemba madoko onse amene alipo lero, pamodzi ndi njira zake, asanavomereze pulani ina iliyonse yomanga. Madzi a 2024 anagwetsa mipanda yambiri imene khonsolo sikanailimba mtima, ndipo funso loyenera kufunsa ku makhonsolowo ndi lakuti ndi ingati imene yamangidwanso pamalo pomwepo.

Ku Chikwawa chovuta chili pa kaitanidwe. Tsiku lolemba malo amaitanidwa amene ali ndi munda woti aloze ngodya zake, iye ndi oyandikana naye. Msodzi wa ku Elephant Marsh, mnyamata wolishya ng'ombe za amalume ake ndi mayi wotunga madzi sabwera ndi munda, choncho pa fomu palibe mzere wawo. Njira yawo idzalowa pa mapu pokhapokha wina m'komitimo, kaya gulupu kaya mmodzi wa amayi atatu aja, ataimitsa wopima malo n'kumuuza kuti apa musapime, pamadutsa ng'ombe za midzi inayi popita ku Shire.